Mutu 7: Manja Osamva Moto

1. Ndodo za ku Katete

Chaka chimene dziko la Zambia linalandira ufulu, m'komboni ya Kamitondo munalibe mwana amene sankadziwa manja a bambo Nicodemus Sakala. Bambowa ankagwira ntchito pa fakitale ina yosungunula zitsulo mu Kitwe, ndipo moto wa kumeneko unawaumitsa zikhatho mpaka zinangokhala ngati chikopa cha nsapato. Akafuna kuyatsa fodya sankavutika ndi machesi. Ankangotola khala lamoto pa mbaula ndi zala, n'kuyatsira, n'kulibwezera bwinobwino pamalo pake. Ana ankakuwa ndi chimwemwe, eni ake ali phee, kuchita ngati sakumva, chikhalirecho mumtima akunyada.

Mwana wawo woyamba, Edna, anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Iyeyu ndiye ankanyadira manjawo kuposa wina aliyense. Kusukulu mnzake akayamba kudzitama kuti atate ake agula wailesi, Edna ankangofunsa kuti, "Nanga moto amagwira?" Nkhani inkathera pomwepo.

A Sakala anali ndi mwana wa mlongo wawo, dzina lake Pius, amene ankagwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu kumafakitale a ku Ndola. Mnyamatayu anapeza mbeta ya Chibemba, dzina lake Susan. Akuchikazi ananena kuti mwa mwambo wa banja lawo mkwati ayenera kubwera ndi uta ndi muvi, alase chizindikiro pakhoma anamkungwi akuona. M'tauni nkhani yotere sinkavuta. Panali uta wina wokalamba umene unkangoyendayenda m'maukwati, lero kuno, mawa uko.

Koma a Sakala atamva zobwereka, anaimirira ndi kuimirira komwe.

"Mwana wa mlongo wanga akalase ndi uta wobwereka, ine malume wake ndili moyo? Iyayi! Ine ndinasema mauta ndisanamere ndevu. Apongozi athu akaone kuti akummawa sitinabwere kuno chimanjamanja."

Choncho mlongo wawo anatumiza pa lole ndodo zitatu za mtengo wa tenza zochokera ku Katete, zimene zinauma pang'onopang'ono kudenga la khitchini yake. A Sakala anazisema madzulo aliwonse akaweruka. Zonse zinasemeka bwino, koma iliyonse inali yokhota pang'ono chakunsonga, moti inafunika kuiwamba pamoto kuti iwongoke ndi kulimba.

2. Phunziro la pa mbaula

Tsiku lowamba ndodo yoyamba, ana a mumsewu wonse anadzaza pabwalo. Edna anapatsidwa ntchito yokupiza makala ndi chivundikiro cha chitini. Ndodoyo sanaloledwe kuigwira. "Uta si wa akazi," anatero atate ake, ndipo ananena mokoma mtima ngati akumuuza kuti kunja kwacha.

Kenaka anakhala pachitsa, nayamba kudzoza ndodoyo mafuta a nsatsi uku akuphunzitsa.

"Tamverani ana inu, chifukwa zimenezi kusukulu sakakuuzani. Uta uli ndi msana, ulinso ndi mimba. Msana ndi mbali imene imayang'ana nyama, mimba ndi mbali imene imayang'ana iwe mwini. Msana suonetsedwa moto. Ukauwamba msana, utawo udzakuthyokera m'manja tsiku limene ukuufuna. Moto wake si wa malawi ayi. Udikire malasha agone, avale phulusa. Mafutawa ndi oti moto ulowe m'kati mwa mtengo, usangonyambita pamwamba. Ndiye uziyendetsa ndodo chonchi, uku ndi uku, osaima malo amodzi. Pakapita kanthawi uikepo dzanja. Dzanja likakhalapo bwinobwino, sunapse, bwezera. Dzanja likathawa lokha, basi wafewa, chotsa msanga ukawongole. Ukachedwa pamenepo, mtengo umauma mtima. Kunja uoneka bwino, koma m'kati mwatha."

Anali mawu abwino, ndipo onse anali oona. A Sakala anayendetsa ndodo pamwamba pa makala, n'kuikapo dzanja. "Sunapse." Anabwezera. Anaikanso dzanja. "Sunapse." Mafuta anayamba kuchita utsi, fungo linasintha, koma iwo anangoti, "Mtengo wakwathu ndi wouma mutu, sufulumira." Pomwe ankaikanikiza pa mphanda ya mtengo wa mango kuti aiwongole, ndodoyo inangoti thyo!

"Ndi malasha a m'tauni awa," anatero a Sakala. "Ndi aukali ngati eni ake."

Lamulungu lotsatira anagula makala kwa munthu wina, n'kutenga ndodo yachiwiri. Zinayenda chimodzimodzi. Mimba ya ndodoyo inada bii, n'kung'ambika. Ulendo uno mlandu unagwera mafuta. A Sakala anagwira pamalo opsererawo ndi chikhatho chonse, kupukusa mutu, n'kuiponya pansi ndodoyo. "Edna, kataye uko."

Edna anaitola pamalo pomwe atate ake anali atangochotsapo dzanja. Anakuwa, n'kuisiya. Atathamangira kumpopi kukaviika dzanja m'madzi, anapeza zala ziwiri zatuluka matuza.

Ali pampopi pomwepo anakumbukira za mlongo wake wamng'ono, Amon. Miyezi yamvula mwanayo anadwala malungo. Amayi ankati thupi latentha, koma atate anamugwira pamphumi n'kunena kuti, "Alibe kanthu uyu, muli ndi mantha chabe." Anachedwa kupita naye kuchipatala, ndipo anamwino anawakalipira amayi kwambiri. Mwanayo anachira, koma anapulumukira pakamwa pa imfa. Edna anayang'ana matuza ake aja, mtima wake unawawa. Manja amene ankawanyadira aja sanali olimba chabe. Anali atasiya kumva.

3. Chenjezo la amayi

Ndodo inatsala imodzi. Ukwati unali pafupi, mlungu womwewo wa chikondwerero cha ufulu, ndipo nthawi yotumiza uthenga ku Katete kuti adule ina n'kuiumitsa panalibe. Ndodo imeneyi ikapserera, Pius akalasa ndi uta wobwereka, ndipo a Sakala akakhala pamaso pa apongozi mutu uli pansi.

Edna anawapeza amayi ake akusita yunifolomu yake kuseri kwa nyumba. Anawaonetsa zala zake n'kuwauza zonse.

Amayi Sakala anaika simbi pamwala. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Ukuganiza kuti waona chachilendo, mwanawe? Ine ndimawapatsa tiyi wowira, iwo kugwira kapu yachitsulo ngati muli madzi a mumtsuko. Ndinadziwa kalekale. Koma tamvera. Atate ako anabwera kuno ndi bulangete limodzi. Sukulu sanapite nayo patali. Chimene ali nacho ndi manja amenewo. Ndi amene amakulipirira sukulu, ndi amene anatipezera nyumba ino. Munthu ukamuuza kuti chinthu chimodzi chimene amanyadira chafa, uyambe waganiza kuti umusiya ndi chiyani. Ndiye pali ana a masiku ano, akangodziwa kuwerenga nyuzi basi pakamwa mbee, kuwongola akulu pagulu kuti anthu awaone nzeru. Mwana wotere ngakhale anene zoona amakhala walakwa. Ine sindinalere mwana wotere. Mawu opweteka sanenedwa anthu akuonerera, sanenedwa utaimirira, ndipo sanenedwa ndi munthu amene sanakonzeke kuthandiza. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Nanga inu bwanji simunawauze?"

Amayi anatenganso simbi, n'kuiyesa ndi chala chonyowa. "Ndinayesa nthawi ya Amon ija. Koma ndinalephera." Anasita kolala kanthawi, kenaka anatsitsa mawu. "Pali njira ina. Ndodoyo tikhoza kukaibisa kwa aneba athuwa, amake Gertrude, mpaka ukwati utapita. Tidzati anaba ana. Adzakalipa tsiku limodzi, Pius n'kubwereka uta, koma ulemu wawo udzatsala."

Njira imeneyi inali yofewa, ndipo Edna anaiona kufewa kwake. Loweruka lonse ndodoyo inali pakona m'chipinda chochezera, atate ali kuntchito. Kwa amake Gertrude kunali kungodumpha mpanda. Kawiri konse Edna anaima pafupi nayo. Ulendo wachiwiri Amon anabwera akukwawa n'kumugwira mwendo. Edna anamunyamula, n'kutuluka naye panja, ndodo n'kuisiya pomwepo.

4. Edna agwada

Lamulungu atabwera ku Misa, a Sakala anavula jekete, n'kuuza Edna kuti asonkhe moto. Ana a mumsewu anayamba kusonkhana monga mwa masiku onse. Edna anawayang'ana, n'kukumbukira mawu a amayi ake.

"Inu, simunamve? Kubwalo la mpira a bandi akuyeserera nyimbo za ufulu. Akuti lero abwera ndi ng'oma yaikulu ija."

Sanawanamize, bandi inalikodi. Ana aja anathamangira komweko ngati nkhuku zoona chimanga, pabwalo n'kutsala anthu awiri ndi mbaula.

Makala atagona, a Sakala anatenga ndodo yomaliza ija n'kuyamba kuidzoza mafuta. Ankaimba kanyimbo chapansipansi, koma ankaidzoza mobwerezabwereza, ngati munthu amene sakufuna kuyamba. Edna anaika chivundikiro pansi, n'kugwada patsogolo pawo.

"Atate, ndili ndi mawu."

"Ngati ndi za nsapato za pa chikondwerero, ndanena kale kuti pakutha pa mwezi."

"Iyayi, atate. Ndi za uta." Anatambasula dzanja lake. Matuza anali ataphulika, pakhungu pali pofiira. "Ndinapsa ndi ndodo ija munandituma kukataya. Ndinagwira pomwe munagwira inu."

A Sakala anayang'ana zalazo. "Manja a mwana wasukulu. Amapsa ndi dzuwa lomwe."

"Inde, atate. Koma munatiphunzitsa kuti dzanja likathawa lokha ndiye kuti mtengo wafewa. Langa linathawa. Lanu silithawa." Kenaka anapitiriza. "Si malasha, atate. Si mafuta. Moto wa kuntchito unakuphani manja."

Kutali kubwalo la mpira kunkamveka malipenga. A Sakala anaika ndodo pamiyendo. Nkhope yawo inasintha, ndipo Edna anaona kuti akwiya.

"Iwe Edna! Wakutuma ndani? Amako?"

"Palibe wandituma."

"Ine ndinayamba kuwamba mauta iwe usanaganiziridwe n'komwe. Manje lero undiphunzitse moto?"

"Sindingakuphunzitseni, atate. Zonse ndikudziwa ndinamva kwa inu. Ndikungopempha kuti mubwereke dzanja langa."

Edna sanadzuke, ngakhale miyala inkamulasa m'mawondo. Kenaka a Sakala anatambasula dzanja pa mbaula, n'kutola khala monga ankachitira poyatsa fodya. Koma lero panalibe fodya, panalibenso ana okuwa. Analiika pachikhatho n'kumaliyang'ana. Kautsi kanayamba kutuluka pakhungu.

"Atate, tayani!" Edna anawamenya dzanja, khala lija n'kugwera pansi.

A Sakala anayang'ana chikhatho chawo. Panali chizindikiro choyera, chozungulira.

"Ndimaona ndi maso kuti ndikupsa," anatero motsitsa. "Koma sindikumva kanthu." Kenaka anawonjezera. "Zaka zonsezi ine ndimati ndi mphamvu."

Edna analira. Anali atakonzekera kukalipiridwa, ngakhale kukwapulidwa kumene, koma izi sanazikonzekere.

5. Dzanja lobwereka

"Basi, pukuta misozi, ungazimitse moto," anatero a Sakala patapita kanthawi. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akumuona koyamba. "Ndinati uta si wa akazi. Agogo ako akanamva izi akanadzuka m'manda. Koma agogo akowo sanagwirepo ntchito pa ng'anjo ya zitsulo. Bwera kuno. Osati dzanja lamatuzalo, linalo."

Anagawana ntchito. Atate anagwira ndodo n'kumaiyendetsa pamwamba pa makala, mimba pansi, msana kumwamba. Apa ndiye panaoneka kuti luso linalipobe lonse. Manja aja ankayenda mofanana ngati a munthu wopalasa bwato, osafulumira, osaima. Akaichotsa pamoto ankailozetsa kwa Edna, iye n'kuikapo chikhatho.

"Sunapse, atate."

Anabwezera.

"Wayamba kufunda."

Anabwezeranso. Mafuta anayamba kunyezimira, ndipo mtengo unasanduka wofiirira pang'ono ngati buledi wakupsa bwino. Edna anaikapo dzanja, dzanjalo n'kudumpha lokha.

"Chotsani! Chotsani msanga!"

"Ha! Kale?" A Sakala anaigwira ndi dzanja lawo mwachizolowezi. "Koma ine ndikuona ngati..."

"Atate!"

"Chabwino, chabwino, a kapitawo!"

Anathamangira pamtengo wa mango, n'kulowetsa nsonga ya ndodo pamphanda, n'kuyamba kukanikiza pang'onopang'ono. Edna anatseka maso, kudikira kumva thyo. Sikunamveke kanthu. Atatsegula maso anaona mtengo ukugonja mofewa, kukhota kuja kukutha. Atate ake anaugwira chomwecho osasuntha, thukuta lili kamukamu, mpaka Edna atagwira n'kunena kuti wazizira.

A Sakala anaika ndodo padiso n'kuyang'ana kuchokera nsonga ina kufika ina. Inali yowongoka bwino. Anaseka mpaka mano onse kuonekera.

"Amake Edna! Tabwerani mudzaone chimene tapanga ine ndi kapitawo wanga!"

Amayi anatuluka, Amon ali m'manja. Anali atamva zonse ali pawindo, koma anachita ngati akudabwa, monga amachitira amayi anzeru. Amon anatambasula manja kufuna atate ake. A Sakala anapereka uta kwa Edna, n'kumulandira mwanayo. Mwachizolowezi anamuika chikhatho pamphumi. Kenaka anaima. Anachotsa dzanja lija pang'onopang'ono, n'kuyang'ana akazi awo.

"Tsiku lija," anatero, "anali atatenthadi?"

"Ngati simbi," anayankha amayi.

A Sakala anawerama, n'kugunditsa tsaya lawo pamphumi pa mwanayo, n'kukhala chomwecho. Ndevu zinamuyabwa Amon, anayamba kuseka n'kumawakoka khutu, koma iwo sanachotse tsaya.

"Apa ndikumva," anatero. "Ali bwino mwana wanga. Apa ndikumva."

Amayi anatembenuka msanga, ati akukaona madzi pamoto.

6. Uta ugone

Madzulo dzuwa lisanalowe, a Sakala anapachika utawo pamisomali iwiri m'chipinda chochezera. Nsinga yake, imene anali atapota kale ndi chikopa, anaikoloweka pambali. Kenaka anamuitana Edna.

"Popeza dzanja lako lalowapo, utawu ndi wakonso, ndiye umve bwino. Mtengo ukachoka pamoto umakhala ndi ludzu. Ukuoneka wolimba, koma m'kati ndi wouma ngati tsekera. Uyenera kugona pamthunzi masiku angapo, uzimwa chinyezi cha mumphepo pang'onopang'ono. Munthu akaukunga lero kapena mawa, uthyoka, ndipo ntchito yathu yonse ithera pomwepo. Anthu ambiri amapirira pamoto, n'kudzalephera pa kudikira. Asaukhudze munthu. Kaya ndi mnzanga wa kuntchito, kaya ndi akatekisiti, kaya ndi ndani, uziti atate analetsa. Ndidzaukunga ndekha nthawi yake ikakwana."

"Ndamva, atate."

M'mawa mwake a Sakala analawirira kuntchito, dzanja atamanga kansalu. Amayi anapita kumsika ndi Amon. Edna atabwera kusukulu masana anadabwa kuona chitseko chili pululu, m'nyumba mukumveka kuseka kwa amuna ndi Chibemba chokhachokha.

Anali Pius. Anali atapeza lole yobwera ku Kitwe, n'kutenga alamu ake awiri, alongo a Susan, kuti adzaone okha zimene amalume ake amatha. Kiyi ankadziwa pomwe imakhala, pansi pa mwala wa pakhomo.

"Aa, wafika msuweni wanga!" anafuula Pius mwachisangalalo. "Mkazi wanga wakale, usachite nsanje, ndakusiya chifukwa suphika bwino! Tabwera udzaone alamu anga akhale mboni. Akuti ife akummawa timangodziwa kugwira mbewa. Manje aona!"

Pamisomali paja panalibe kanthu. Pius, mnyamata wamkulu, wandevu, amene Edna ankamupatsa madzi atagwada, anali ataimika nsonga ya uta pansi. Bondo lake linali pamimba pa mtengo, nsinga ili m'dzanja, alamu ake akuwomba m'manja.

Edna anaika mabuku ake pansi, n'kulunjika kwa Pius kukamuletsa.